Mimba Aione, Nkhope Asaione

— Halo?

— Halo, adokotala?

— Malita? Nambala iyi ndi ya ndani?

— Ya amayi. Yanga yatha moto, magetsi anazima dzulo mpaka pano. Mwaswera bwanji, a Ronald?

— Ndaswera bwino, kaya iweyo?

— Ndaswera. Kuchipatalako?

— Kuli bwino. Anthu ndiye mbwee, chifuwa ndi malungo basi. Ndangotuluka kumene kuti ndilume kachinangwa. Kunyumba ali bwanji?

— Onse ali bwino.

— Amayi?

— Ali bwino, apita kokathyola nandolo. Foni aiiwala pawindo, ndiye ndangoti ndiwasungire.

— Ukuwasungira bwino ndithu. Nanga bambo?

— Bambo… ali bwino. Tikamba. Kwanu ku Likhubula mwamvako?

— Ndinamvako Lachitatu, kuli bwino. Ukuti tikamba, kwagwanji? Akudandaula msana? M'mimba?

— Ayi ayi, mtima m'malo. Ali apo pansi pa mtengo wa mapeyala, akumanga masipoko a njinga. Adya, aseka, atukwana nkhuku. Ali bwinobwino.

— Chabwino. Ndiye waimbiranji? Paja unati sudzandiimbiranso mpaka malume anga atabwera kudzafunsira mbeta.

— Ndinatero ine?

— Lamulungu. Unadula foni ndili pakati pa mawu.

— Inali netiweki.

— Netiweki imayamba yanena kuti «khalani ndi makina anuwo, muwakwatire» isanaduke?

— Iii, musandikumbutse! Lero sindinaimbire ndewu. Ndaimba kuti ndikuthokozeni.

— Pa chiyani?

— Dikirani, apa mawu akudukaduka. Ndikwere pachulu… Halo? Mukundimva?

— Ndikukumva.

— Eya. Pano phiri ndikuliona lonse. Mukanaona, a Ronald. Mtambo wakhala pamwamba pa Chambe ngati velo ya mkwatibwi, wachita kutsetsereka mbali imodzi.

— Wayambapo.

— Sindinanene kanthu! Ndangonena za mtambo.

— Mayunitsi a amayi athera mtambo. Nena.

— Mawa ikwana miyezi itatu chiwayezereni bambo. Mukudziwa kuti chiyambire tsiku lija sanaikepo fodya pakamwa? Ngakhale kamodzi. Munthu wa chingambwe kuyambira ali mnyamata ku esiteti ya tiyi, zaka folote zonse. Kachitini kawo kaja amayi akusungiramo singano.

— Zoona? Sakubisala kuseri kwa khola?

— Ndimawanunkhiza malaya pochapa. Panopa ndi nzimbe basi. Pakhomo ponse zikhungwa za nzimbe, ndimasesa mpaka msana. Koma ndimasesa ndikuimba.

— Mapilitsi a bipi aja?

— M'mawa uliwonse. Amachita kundiitana: «Malita, bweretsa kamwala kanga.»

— Ndiye uwathokoze iwowo. Ntchito yaikulu agwira ndi iwo, ine ndinangoyeza.

— Musadzichepetse, zimandinyansa. Mukanapanda inu, bwenzi tikudziwa chiyani? Tinkangoona kanthu kakugunda pamchombo pawo akagona chagada, ife n'kumaseka kuti bambo ali ndi mitima iwiri. Osadziwa kuti ndi mtsempha waukulu wa magazi ukufufuma.

— Ambiri sakhala ndi chizindikiro n'komwe. Munthu amangoyenda, kulima, kukwera njinga.

— Ngati bambo aakulu a Wilson.

— Eya. Ngakhale iwo sindinawaone, sindingalumbire.

— Ine ndinawaona. Anapita kumunda akuimba mluzu. Teni koloko akuti msana, msana, thukuta kamukamu. Pomwe timapeza galimoto n'kuti atazizira kale. Mudzi wonse unaloza chala gogo wina wa kutsidya, mpaka anasamuka usiku ndi mbuzi zake. Nditakufotokozerani, inu simunafunse za gogoyo. Munangoti, «Ankasuta? Anali ndi zaka zingati? Ali ndi mng'ono wawo?»

— Chifukwa zimayenda m'magazi. Mkulu zikamuchitikira, mng'ono ayezedwe. Mwamuna, zaka sikisite faifi kupita m'tsogolo, wosuta. Bambo ako zonsezo anali nazo.

— Tsiku limenelo ndinakwiya, mukudziwa? Ndinavala diresi yanga yachikasu, tinakhala pamlatho, dzuwa likulowa bwinobwino, inu n'kumandifunsa zaka za bambo anga.

— Diresiyo ndinaiona.

— Bodza.

— Inali ndi mabatani oyera kumsana. Limodzi linali losiyana ndi anzake.

— …Chabwino, mwapulumuka. Koma kuwakoka bambo kuja! Mukukumbuka zomwe ananena?

— Anati sangakagone pabedi la azimayi oyembekezera.

— «Ine Nakhumwa, ndevu zonsezi, ndikalowe ku mateniti? Akandifunse kuti mimbayi ndi ya miyezi ingati?»

— Sanali okha. Alangizi a zaumoyo anatilembera mayina a madala oposa thu handiredi m'midzi yonseyi. Miyezi iwiri yoyamba anabwera naini. Naini! Mmodzi anafika pakhomo la chipinda cha sikani, anangoona mzere wa azimayi ndi zitenje zawo, anavula chipewa, kuwapatsa moni, n'kubwerera.

— Hahaha! Ndani ameneyo?

— Sindingatchule. Koma vuto linali lathu. Makina tinawasiya kumene abambo salowako, kenako n'kumadabwa kuti abambo sakubwera.

— Ndiye munawanyamula.

— Ndi kanthu kakang'ono, kamalowa m'chikwama. Ndinapempha akuluakulu kuti Loweruka lililonse ndizikayezera kumsika kwa Thuchila, kuseri kwa telala uja, pafupi ndi pomwe madala amasewera bawo. Munthu akadyedwa pabawo, m'malo mokhala n'kumatukwana, amalowa, mphindi faifi, watuluka. Pano tadutsa sikisite.

— Ndipo mwapeza angati?

— Atatu. Awiri ndi zazing'ono, tiziwaona kamodzi pachaka. Wachitatu ndi bambo ako.

— Ndimakumbukabe chithunzi chija munandionetsa m'kabuku kawo ka kuchipatala. Chinthu chakuda chozungulira, ngati mwezi utadetsedwa. Ndinachiyang'ana usiku wonse. Ndinkati, kanthu aka kali m'kati mwa bambo anga, kakugunda, ndipo pa dziko lonse amene wakaona ndi munthu wanga.

— Malita.

— Ndisiyeni ndinene, ndi mayunitsi a amayi anga. Ndipo mmene munawafotokozera! Mpaka lero amauza aliyense. «Mnyamata uja anati mtsempha wanga uli ngati chubu cha njinga chikatupa mbali imodzi. Ukamapopabe, tsiku lina phuu! Ndiye bipi ndi pampu, fodya ndi dzuwa loumitsa labala.» Amalalikira kuposa abusa.

— Bola anamva. Koma usaiwale, sindinachize kanthu. Chubucho chikadali chotupa. Tinapeza folo poyinti naini. Munthu wabwinobwino sapitirira masentimita atatu. Chikafika faifi ndi hafu, tiwatumiza kwa madokotala aakulu ku Blantyre akaone za opaleshoni, chisanaphulike. N'chifukwa chake miyezi itatu iliyonse tiyenera kuyezanso. Mawa asachedwe. Uwauze asadye kanthu m'mawa, mpweya wa m'mimba umatchinga chithunzi.

— Ee…

— Teni koloko ndikhala nditafika.

— A Ronald.

— Ee?

— Za mawazo.

— Zatani?

— Halo? Mukundimva?

— Ndikukumva bwinobwino, usanamizire netiweki. Zatani za mawa?

— Bambo akuti sabwera.

— Chiyani?

— Akuti malaya awo sangakwezenso pamaso panu.

— Chifukwa? Ndinawalakwira chiyani? Mafuta opaka pamimba aja anawazizira? Wina wawauza zabodza za makina?

— Akudziwa.

— Akudziwa chiyani?

— Za inu ndi ine.

— …Mayo ine. Wawauza?

— Ine? Ndingayambire pati? Mwadziulula nokha, adokotala.

— Ine sindinanene kanthu! Dzina lako sindinalitchule ngakhale kamodzi.

— Pakamwa panu panali potseka, koma thupi lonse linkalankhula. M'mawa uno anandiitana, amayi atangochoka. Anati, «Khala apo.» Ndinakhala. Akuti tsiku lija asanalowe iwo, munayeza mnzawo wa pabawo. Ameneyo munangomuuza kuti, «Gonani apa, madala, kwezani malaya,» n'kumacheza naye za mpira. Atalowa iwo, inu dzambatu! kuimirira.

— Ndi ulemu basi.

— Kabuku ka kuchipatala munalandira ndi manja awiri.

— Aliyense amatero.

— Mutanjuta? Bondo mpaka kugunda pansi?

— Sindinagunde pansi.

— Akuti anamva kulira kwa bondo. Anakupatsani moni wa Chilomwe, «Moseliwa,» inu kuyankha mukuyang'ana kukhoma. Nthawi yonse yoyeza maso anu anali pamakina ndi pakhoma, nkhope yawo osaiyang'ana. Ndipo chomwe chinawamaliza…

— Chiyani?

— Musanaike kachipangizo kaja pamimba pawo, munati «odi».

— Sindinatero!

— Munatero! «Odi, bambo.» Kuodira mimba ngati pakhomo!

— Ambuye wanga…

— Akuti, «Ndagonapo m'zipatala, ndabayidwa majakisoni ndi azungu ndi akuda omwe. Sindinaonepo dokotala woodira mchombo. Ndinangodziwa kuti uyu ndi mkamwini, ndipo mwana wamkazi wosakwatiwa ndili naye mmodzi.»

— Usaseke, Malita. Si zoseketsa izi.

— Ndikudziwa. Ndaseka kale, ndalira kale, zonse m'mawa womwe uno.

— Ndiye miyezi itatu yonseyi akudziwa?

— Akudziwa. Amangotiyang'ana.

— Tamvera. Mawa ayenera kuyezedwa. Si nkhani yoti tidikire mwezi wina. Mwina chaima pomwe chinali, mwina chakula. Popanda kuona sitingadziwe, ndipo sichichenjeza.

— Palibe wina angawayeze? Anesi aja, a Esteri?

— A Esteri amadziwa kuyeza ana m'mimba. Za mtsempha anatiphunzitsa awiri, mnzangayo anamusamutsa. Ena aphunzira chaka chamawa, ngati zitheke.

— Kuboma?

— Kuboma angapite, koma akapatsidwa tsiku lakutali. Ndipo iwe ukuwadziwa bambo ako. Kumsika kwenikweniko unachita kuwabisira pampu ya njinga kuti ayende nawe. Kuboma angakafike?

— Sangakafike.

— Ndiye… chabwino. Chabwino. Upite ukawauze kuti zatha.

— Zatha chiyani?

— Za ife. Uwauze kuti panali kanthu koma kanatha. Ine ndine dokotala basi, iwo ndi wodwala. Mawa ndiwayang'ana m'maso, ndiwauza kuti «gonani apa, madala», ndicheza nawo za mpira.

— Ndikawanamize?

— Lisakhale bodza. Tisiye zenizeni. Osaimbirana, osakumana pamlatho.

— Mpaka liti?

— Mpaka wina ataphunzira makinawa. Kapena mpaka atapita ku Blantyre n'kubwerako.

— Chaka?

— Mwina. Mwina ziwiri.

— Iwe Ronald! Zaka ziwiri? Ndili ndi zaka twente wanu ine, mayeso ndinalemba, anzanga onse a Fomu Folo ena ali ku Limbe, ena ali pabanja, ine ndili pano ndikusesa zikhungwa za nzimbe n'kumayang'ana njira ngati wamisala! Ukudziwa kuti njinga yamoto iliyonse ikadutsa ndimatuluka ndi thovu m'manja?

— Ndikudziwa.

— Sukudziwa!

— Malita, ukuganiza kuti malume sanabwere chifukwa chiyani? Ndinakulonjeza kuti ukangolemba pepala lomaliza abwera. Ndinali nditawauza kale, jekete anachapitsa. Koma pamene ndinaona chithunzi chija, ndinalingalira. Akangolowa malume pakhomo la kwanu, ine ndasanduka mkamwini. Mkamwini sagwira mimba ya apongozi ake. Sakhala nawo mphasa imodzi n'komwe. Ndiye aziwayeza ndani? Ndinawauza malume kuti abadikira.

— Osandiuza ine.

— Ukanavomera?

— Ndikanakutukwana.

— N'chifukwa chake. Ndinati bola uzindida ine, bambo ako azikweza malaya. Halo? Malita? Yaduka?

— Ndilipo.

— Ukulira?

— Ndi utsi. Wina akutentha mapesi.

— Pepa.

— Musapepese. Ndinkafuna ndizimve pakamwa panu. Zonsezi bambo andiuza kale m'mawa.

— Akuuza chiyani?

— Zomwe mwanenazi, ndendende. Anati, «Iwe wakhala ukunyanyala pakhomo pano mwezi wathunthu, mbale ukuchita kuponya. Ukuganiza kuti mnyamata uja wakutaya? Mnyamata uja akusunga mimba yanga. Akuopa kuti akalowa pakhomo, ine nditseka malaya.» Ine kukamwa yasa. Ndakhala ndikukutchulani mayina oipa mumtima, a Ronald. Ena sindingawabwereze. Ndinalemba kalata yokusiyani, masamba anayi, yokoma kwabasi, mpaka ndinalira nayo ndekha. Osadziwa kuti munthu akundisungira bambo anga. Zikomo. Ndaimbira zimenezo. Zikomo kwambiri.

— Ndamva. Koma zikomoyo sakuwabweretsa mawa.

— Dikirani, sindinamalize. Anandipatsa uthenga.

— Uthenga? Ndiye nthawi yonseyi uli ndi uthenga, ine ndikutuluka thukuta kuno?

— Inu munandidikiritsa mwezi ndi hafu. Mphindi teni zakupwetekani?

— Nena, chonde.

— Akuti, «Ukamuuze mnyamatayo kuti chimene ndikukana si manja ake. Manja ake ndi abwino, anandipeza ndi chinthu chimene chinatenga mkulu wanga. Chimene ndikukana ndi kundipusitsa. Ine kugona chagada, iye kudziwa, ine kudziwa, tonse n'kumanamizira kuti sitikudziwa, anzanga a pabawo akusekera m'zipewa. Zimenezo ayi. Munthu amene sali mlendo komanso sali mkamwini, ine sindidziwa pomuika.»

— Ndiye akufuna chiyani?

— Akuti malume anu akaonekere kwa malume anga a Noel ku Chitakale. Si chinkhoswe ayi, kungogogoda, kuti nkhani ikhale ndi eni ake. A Noel akangowaimbira kuti alendo afika, iwo akwera njinga kubwera kumsika.

— Malita, wawaphunzitsa ndiwe zimenezi?

— Ndikulumbira! Ndikanakhala ndi nzeru zoterozo bwenzi nditazigwiritsa kale ntchito mu Julaye.

— Koma ndiye zikuipiraipira. Akagogoda malume, ndine mkamwini weniweni. Ndiwagwira bwanji?

— Ndinawafunsa zomwezo. Anati, «Nsalu zinatha m'dziko muno?» Akuti mumange chingwe, mupachike chitenje pakati, chidutse pachifuwa pawo. Mutu wawo mbali iyi, inu ndi makina anu mbali iyo. «Mimba aione, nkhope asaione. Mimbayi ndinaipereka kale kuchipatala, koma nkhope ikadali ya apongozi.»

— Hahaha! Anatero?

— Ndipo akuti musawalankhule mwachindunji. Pakhale mnzawo wa pabawo uja kumutu kwawo. Inu muziuza iyeyo, iye aziuza iwo.

— «Auzeni apume pang'onopang'ono.»

— Eya! «Auzeni kuti mafuta akubwera, ndi ozizira.»

— Koma ukudziwa… dikira. Chitenje chimenecho chingathandize ambiri. Pali madala ena amafika pakhomo n'kubwerera. Wina anandiuza kuti ndine msinkhu wa mdzukulu wake, sangandionetse mchombo. Wina mwana wa mchemwali wake anakwatiwa kwathu ku Likhubula, akuti ndife apongozi. Ine ndimangoti ndi kuuma mutu. Sindinaganizepo za nsalu.

— Mwaona? Sukulu yonse ija. Bambo akuti zikatheka abwera ndi anzawo anayi amene akhala akuzemba. Akuti awauza kuti wopanda kuyezedwa asakhudzenso nkhomo za bawo.

— Anayi! Bambo akowo ndiye akanakhala mlangizi wa zaumoyo.

— Ndiye imbirani malume anu. Pompano. Ndidule?

— Apo ndiye pali vuto.

— Vuto lanjinso?

— Malume a Morris ali kuntchito, ku Chambe. Nditawauza kuti abadikira, anakwera. Akubzala mitengo ndi a zankhalango, amatsika pakutha pa mwezi.

— Foni?

— Kumene amagona kulibe netiweki. Amachita kukwera pamwala wina Lamulungu masana, ndiye amayatsa foni. Lero ndi Lachisanu.

— Mayo! Palibe malume ena?

— Mwini mbumba ndi iwowo. Ndikatuma wina, a Noel akamubweza, ndipo a Morris sadzandilankhulanso.

— Tumani anyamata onyamula katundu wa alendo okwera phiri aja, akawauze.

— Nkhani ngati iyi pakamwa pa mnyamata wa ganyu? Adzati ndawanyoza. Satsika.

— Ndiye Loweruka linalo?

— Ayi. Ndawerengera masiku awa kuyambira mu Meyi. Sindikufuna sabata ina.

— Nanga titani?

— Nthawi ili bwanji?

— Dikirani ndione… kota pasiti wanu.

— Odwala atsala ochepa, a Esteri angandigwirire. Ndikanyamuka thu koloko pa njinga yamoto, isanakwane fili ndili pa Likhubula. Kukwera ndi maola atatu, ndikalimbikira. Ndikafika kusanade kwenikweni. Ndikagona komweko, mbandakucha titsika limodzi. Ndikawasiya pa Chitakale kwa a Noel, ine n'kudutsa kuchipatala kutenga makina. Leveni koloko ndili kumsika.

— Mukwera phiri?

— Ndinakulira pamenepo. Ndinkanyamula matabwa pamutu ndili Sitandade Seveni.

— Mukwera Chambe. Lero. Chifukwa cha ine.

— Chifukwa cha mtsempha wa bambo ako.

— Nenani kuti chifukwa cha ine, mutaya chiyani?

— Chifukwa cha nonse awiri.

— Ndalandira. Iii, a Ronald, mtambo uja ndimaunena uja mukalowa m'kati mwake! Ine ndikhala pachulu pano mpaka mdima, ndiziyang'ana. Mukafika pamwamba muyatse tochi, muizungulize katatu.

— Sungaione. Ndi kutali.

— Ndiiona. Inu ingoyatsani.

— Chabwino, ndiyatsa. Tsopano tamvera, izi ndi zofunika. Bambo asanyamule cholemera lero. Akangoti msana kapena m'mimba mwadzidzidzi, kapena chizungulire, osadikira ine, osawapatsa panado, osafuna kabaza. Mupeze galimoto, molunjika kuboma, kabuku kawo m'manja. Wamva?

— Ndamva. Mumandiuza sabata iliyonse.

— Ndipo uwaimbire a Noel, adziwe kuti kubwera alendo m'mawa.

— Bambo awaimbira kale.

— Awaimbira kale? Asanamve yankho langa?

— Anati munthu woodira mchombo sangakane.

— Koma madala amenewa…

— Chitenje ndibweretsa ine. Chija ndinasunga m'sutikesi, cha maluwa abuluu.

— Si chija unati udzavala pachinkhoswe?

— Chomwecho. Chiyambe ntchito mawa. Ndidzachivala chitadziwa kale banja lonse.

— Chidzadetsedwa ndi mafuta a sikani.

— Ndidzachapa. A Ronald, foni yalira kuti mayunitsi atsala pang'ono. Amayi andimaliza lero.

— Dula, ndikuimbira ine.

— Ayi, musataye nthawi, pitani mukamalize odwala. Dikirani… Iii!

— Chiyani?

— Bambo. Ali pansi pa chulu pompano. Ndi gudumu la njinga m'manja. Sindinawaone akubwera.

— Amva?

— Kaya ayambira pati… Bambo? Ee. Ee, ndi iwowo. Akuti akwera, bambo! Lero lomwe, thu koloko!

— Malita, apatse foni ndiwapatse moni.

— Bambo, akuti akupatseni moni… Akana. Abwerera m'mbuyo masitepe awiri. Akuti sangalankhule nanu pafoni, zimenezo zinatha.

— Zayamba kale?

— Zayamba. Dikirani, akunena kanthu. Ayang'ana kumbali, akuuza mtengo wa mapeyala… Akuti, «Auzeni anthuwo atenge jekete yokhuthala. Kuphiriko kwagwa chiperoni, angadwale, mawa tili ndi ntchito.»

— Uwauze kuti anthuwo amva. Uwauze kuti zikomo.

— Akuti amva, bambo, akuthokoza! …Agwedeza mutu, akupita. A Ronald, akumwetulira, ndawaona, akubisa ndi gudumu!

— Asadye kanthu m'mawa, usaiwale!

— Sindiiwala! Yendani bwino, mupereke moni kwa malume. Tochi ija katatu, mwamva? Ndipo mukatsika mudzandiuze ngati mtambowo m'kati mwake muli…

— Halo? Malita? Halo?